A Musaphethire Asankha Lenzi

Mumsewu muno mukafunsa za wojambula zithunzi, palibe angakutchulireni dzina lawo lenileni. Aliyense amati a Musaphethire. Dzinali linachokera pakamwa pawo pomwe, chifukwa chiyambire ntchito, asanadine batani amayamba akuwa kuti, "Musaphethire!" ndipo munthu amaphethira pompo ndi mantha. Eni ake sadandaula nalo. Ngakhale akazi awo akapsa mtima amawaitana lomwelo.

Situdiyo yawo ndi kachipinda kopanikizika pakati pa atelala ndi ometa tsitsi. Ukatambasula manja umakhudza makoma onse awiri. Kukhoma la mkati kuli nsalu yojambulidwa mathithi, yomwe inasuluka mpaka mathithiwo akuoneka ngati utsi. Muli mpando umodzi wapulasitiki, galasi lodziyang'anira long'aluka pakona, chipeso chomangidwa chingwe kuti chisamere miyendo, ndi jekete lakuda lomwe lavalidwapo ndi mwamuna aliyense wa mumsewu muno wofuna chithunzi cha pachiphaso. Makomawo ndi a matabwa opyapyala, moti atelala akayetsemula, a Musaphethire amati pepani. N'chifukwa chake nkhani za m'menemo zimatifika tonse, ngakhale munthu usakufuna kumva.

Iwowo ndi bambo wamfupi, wadazi lowala, woyenda mwandawala ngati wasiya nsalu panja mvula ikubwera. Anayamba kujambula kalekale, nthawi ya filimu, akuzungulira panjinga m'masukulu ndi m'maukwati. Akazi awonso anawapeza ndi kamera yomweyo. Mayiwo ali mtsikana ankagulitsa m'sitolo ya nsalu, ndipo anabwera kudzajambulitsa chithunzi chimodzi chokha. Atabwera kudzatenga anauzidwa kuti chapsa, ajambulitsenso. Chinapsa chithunzi chimenecho, n'kupsanso, mpaka anthu anakwatirana. Kuyambira pamenepo mayi ndi amene amadula zithunzi ndi sizasi, atakhala pakampando kawo pakhomo la situdiyo, ndipo mzere wawo supindika.

Filimu itayamba kusowa, a Musaphethire anagula kamera ya dijito, zikuluzikulu zija zomwe galasi lakutsogolo, lomwe eni ntchito amati lenzi, umalipotokola n'kulichotsa, n'kuikapo lina. Anagula yogwirapo kale ntchito kwa bambo wina yemwe ankajambula nyumba za lendi. Lenzi ya pakamera yawo yakale inakana kulowa pa yatsopanoyi, kukamwa kwake kunali kosiyana, ndiye anangokhala ndi imene inabwera ndi kamerayo. Koma lenzi imeneyo inali ndi ntchito yake, yokuza zipinda. Kachipinda koti ngakhale nkhuku ingadandaule, pachithunzi kankaoneka holo. Pojambula gulu inali yabwino zedi. Kwaya yonse inkalowa, ndi woimbitsa yemwe, popanda wodulidwa phewa. Vuto linali pankhope ya munthu mmodzi. Munthu ankaoneka kutali, kang'onong'ono, ndiye a Musaphethire ankasendera, n'kusenderanso, mpaka kamera kutsala pang'ono kumugunda. Zikafika pamenepo, chilichonse choyandikira lenzi chinkatupa. Ndipo chimene chimatsogola pankhope ya munthu mukuchidziwa.

Woyamba kugwa m'tsokali anali mayi a kunyumba. Bambo anawajambula tsiku lomwe kamera inafika, n'kutsukitsa chithunzi chachikulu, n'kuchipachika pawindo kuti odutsa aone kuti situdiyo yalowa zamakono. Musaganize kuti anachita dala. Iwo maso awo anali pa zina. Ankagoma kuti ulusi uliwonse wa pakolala ukuoneka, ndolo ikuwala, mtundu wa diresi watuluka ndendende. Nkhope yeniyeniyo sanayiyang'ane. Anayiyang'ana ndi anthu a mumsewu. Ometa tsitsi, omwe pakamwa pawo palibe chitseko, anauza aliyense wokhala pampando wawo kuti mphuno ya mayi inafika pachithunzi eni ake akadali m'njira. Pofika madzulo nthabwalayo inali itafika kumsika, ndipo mayi anayimva kwa mnzawo amene ankati akuwamvera chisoni.

Chithunzicho mayi anachichotsa okha pawindo. Sanakuwe, sanalire. Bambo atayesa kufotokoza kuti cholakwa ndi lenzi, mayi anangofunsa funso limodzi.

"Lenziyo ndi imene inatenga misomali n'kukhomera pawindo?"

Kuyambira tsiku limenelo sanakhalenso kutsogolo kwa kamera iliyonse. Paukwati, anthu akayamba kundandana, iwo ankapeza ntchito kukhitchini. Wina akakweza foni, ankatembenuka n'kuyamba kukonza mpango kumutu. Zithunzi za ena ankadulabe, pakhomo ankakhalabe, tiyi wa bambo ankafika nthawi yake. Koma zaka zinadutsa, ndipo m'nyumba ya wojambula munalibe chithunzi cha mkazi wake cha masiku ano. A Musaphethire zinkawadya mumtima. Atelala amati nthawi zina ankawamva akudziyankhulira okha kuseri kwa matabwa, akupukuta lenzi ija ngati akuyikalipira. Atsikana ofuna zithunzi zokongola anasiya kubwera. Kunatsala a ziphaso okha, omwe sayembekezera kukongola.

Anadzasintha zinthu ndi mwana wawo wamkazi, namwino yemwe amagwira ntchito kutali. Atabereka mwana anayamba kulirira chithunzi cha amayi ake, chenicheni, choika m'felemu pabalaza, kuti mdzukulu azikula akudziwa nkhope ya agogo ake. Bambo atamufotokozera za lenzi, namwino sanataye nthawi. Anagwirizana ndi sitolo ina ya makamera m'tauni kuti bambo ake akasankhe lenzi imodzi imene akufuna, zotsalazo aona yekha. Kenako anawaimbira amayi ake, n'kuwanyengerera mpaka foni kutentha. Mayi anavomera, koma anaika mawu awo poyera, atelala akumva.

"Ndikhala kamodzi kokha. Mphuno ija ikabweranso, a Musaphethire, mudzandijambula ndili m'bokosi."

Choncho bambo anapita m'tauni atavala jekete lakuda lija, akudziwa kuti mwayi ndi umodzi. M'sitolomo anapeza mtsikana wogulitsa, waulemu wake, yemwe anawafunsa kuti kwenikweni amajambula chiyani. Iwo anati chilichonse. Mtsikanayo anayala malenzi pansalu yofewa. Panali kena kakang'ono ngati kachitini ka polishi, ina yapakati yomwe ukapotokola imakoka pang'ono, ndi ina yaitali ngati mkono wa munthu, yolemera, yokhala ndi chipewa chake kutsogolo.

Apa ndiyenera kunena chinthu chimodzi chimene a Musaphethire anachisunga mumtima zaka zambiri. Akapita kubwalo la mpira ndi kamera yawo, alonda a pachipata ankawabweza kuti akakhale ndi anthu wamba, pomwe anyamata a nyuzipepala onyamula malenzi aataliwo ankangodutsa osafunsidwa ngakhale dzina. Ndiye atayiona yaitali ija, mtima unadumpha. Anayiika pakamera, n'kukaima pakhomo la sitolo, n'kuloza chikwangwani chomwe chinali kutali, tsidya la msewu waukulu. Abale inu, chikwangwanicho chinachita kubwera chokha. Anawerenga timalemba tating'ono ta pansi, anaona dzimbiri pamsomali, anaona mpaka kambalame kakudzikanda pamwamba pake.

Mtsikana uja anafunsa kuti situdiyo yawo ndi yaikulu bwanji, poti lenzi imeneyo imafuna malo. Bambo anakhosomola n'kunena kuti ndi yaikulu ndithu. Mwina sananame kwenikweni, chifukwa pa zithunzi za lenzi yawo yakale ija imaonekadi holo. Mtsikanayo sanatsutse. Anangowauza kuti asunge katoni yake, ngati siwayanja akhoza kudzasintha, bola isakandike.

Pobwera anatsikira dala kumayambiriro kwa msewu kuti ayende wapansi, kamera ili pachifuwa. Ometa anatuluka ndi makina m'manja. Atelala anaimitsa phazi pamakina awo, n'kuyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Aneba, mwalowa usilikali?" anafunsa atelalawo.

A Musaphethire anangomwetulira ngati munthu wodziwa zimene ena sadziwa. Mayi anachiyang'ana chinthucho kuchokera kumutu mpaka kumchira, n'kupitiriza kudula zithunzi.

Tsiku lojambula linali Loweruka m'mawa. Mayi anakonzetsa tsitsi, anavala diresi lobiriwira lomwe atelala anawasokera, n'kukhala pampando wapulasitiki kutsogolo kwa mathithi, msana uli chilili, manja pamiyendo. Nkhope inali ya munthu amene wabwera kudzazulitsa dzino. Bambo anaima pamalo awo a masiku onse, n'kuika diso pakamera. Sanaone kanthu, chifunga chokhachokha. Lenzi inkangolira, kupita kutsogolo, kubwerera, kukana kugwira chinthu chapafupi chotero. Anabwerera m'mbuyo mpaka msana unagunda chitseko. Chifunga chinayera pang'onopang'ono, ndipo chimene chinadzaza m'kamera monse, kuchokera kona ina kufika kona ina, chinali mphuno.

Thukuta linatuluka padazi. Mayi anafunsa ngati zili bwino, bambo anati zili bwino kwambiri, akungofuna kaye kampata. Anatuluka chafutambuyo mpaka pakhonde. Panabwera diso limodzi ndi tsaya. Anatsika sitepe, n'kudumpha ngalande, diso likadali pakamera. Panabwera nkhope yopanda chipumi. Analowa mumsewu, minibasi n'kuwaimbira hutala, kondakitala n'kuwafunsa ngati atopa nawo moyo. Anakaima tsidya lina, pafupi ndi owotcherera zitsulo, ndipo kumeneko ndi kumene mutu wonse wa mayi ndi mapewa zinalowa.

Koma mavuto anali asanathe. Kuchokera kutsidyako, m'situdiyo munkaoneka mdima ngati m'phanga, ndipo lenzi yaitali imafuna kuwala kwambiri. Kulemera kwake kunkagwedeza manja, moti mayi ankavina m'kamera chikhalirecho ali phee. Akati adine, pankadutsa njinga. Akati adinenso, pankadutsa mayi wosenza beseni. Anthu anayamba kuima. Wowotcherera mmodzi anazimitsa moto wake n'kubwera kudzawagwirira chigongono. Msewu utangoti mbee kamphindi, a Musaphethire anakoka mpweya, n'kukuwa ndi mphamvu zonse kuti mawu awoloke.

"Musaphethireee!"

Msewu wonse unaima. Wogulitsa nthochi anaima, wokankha wilibala anaima, ngakhale munthu amene ankametedwa anatong'ola maso. Kenako chiseko chinaphulika kuyambira kwa ometa mpaka kumapeto kwa mashopu.

M'kamera muja bambo anaona mpando uli wokha. Mayi anali atanyamuka. Bambo anadziwa kuti basi, awachititsanso manyazi pagulu kachiwiri, ndipo kachitatu sikadzakhalako. Anaganiza za namwino, za felemu yopanda kanthu pabalaza, za mdzukulu. Anafuna kutsitsa kamera, koma manja anauma.

Mayi anatulukira pakhomo, pamene dzuwa la m'mawa limagwera, manja ali m'chiuno, mawu okalipa ali kale pamilomo. Anayang'ana tsidya la msewu. Anaona mwamuna wawo atanjuta pafupi ndi mulu wa zitsulo, dazi likunyezimira, buluku lanyowa ndi madzi a m'ngalande, chilenzi chija chikugwedera, wowotcherera atawagwira mkono ngati wodwala. Milomo ija inayamba kunjenjemera. Anayesa kuyigwira, inakana. Anaseka mayi aja, kuseka kochokera m'mimba, mutu n'kupendekera kumbali, dzanja limodzi litagwira chitseko.

A Musaphethire anawaona pafupi ngati angawakhudze. Inali nkhope ija ya m'sitolo ya nsalu, yongowonjezera timizere m'mbali mwa maso ndi imvi ziwiri zitatu. Mphuno inali pamalo pake, yaing'ono bwinobwino, monga anayidziwira zaka zonsezi. Kwa nthawi yoyamba chiyambire ntchito sanakuwe kanthu. Anangodina.

Anawoloka msewu ngati mwana wopita kukalandira chilango. Mayi anatambasula dzanja, bambo n'kuwapatsa kamera, n'kuwaonetsa pakagalasi ka kumbuyo. Atelala anasuzumira, mayi n'kuwatchinga ndi phewa. Anayang'ana nthawi yaitali. Chithunzicho sichinali chabwino kwenikweni, manja anagwedera, ndolo inaoneka ziwiri, ndipo pakona panalowa chiwongolero cha njinga. Koma munthu anali iwowo.

"Chagwedera," anatero mayi.

Bambo anayankha kuti, "Chapsa, mayi. Mubwerenso."

Mayi anawayang'ana cham'mbali, kuyang'ana kumene atelala amalumbira kuti anali asanakuonepo. Kenako anabweza kamera n'kunena kuti Lolemba apitira limodzi kusitoloko, chifukwa sangamakhale ndi mwamuna wojambula anthu ali kutsidya kwa msewu, tsiku lina adzagundidwa. Anafunsanso kuti posankha chinthuchi anayesera pa chiyani. Bambo atanena kuti pachikwangwani, mayi anafunsa ngati m'situdiyo mwawo munabwerapo chikwangwani kudzajambulitsa.

Lolemba analowa m'sitolo muja awiri, katoni ili m'manja mwa bambo, mayi ali patsogolo. Mtsikana wogulitsa anawalandira ngati ankawayembekezera. Atafunsanso za kukula kwa situdiyo, anayankha ndi mayi, kuti aganize bafa, kenako achotseko pang'ono. Anapempha mpando, n'kukhala pakati pa sitolo, n'kuuza amuna awo kuti ayese malenzi onse pankhope yawo, imodziimodzi, ataima kutalika kwa kuchokera pampando wapulasitiki kufika pakhomo. Aliyense amene ankamudziwa mayi wothawa makamera uja sakanakhulupirira.

Yapakati ija inali bwino, koma m'sitolo munali kamdima ndipo nkhope inatuluka yofooka. Kenako mtsikana anawapatsa kakang'ono kaja, kamene amati fifite chifukwa cha nambala yolembedwa m'mphepete mwake. A Musaphethire anakanyamula ndi zala ziwiri, nkhope itagwa. Anafunsa kuti kamakoka bwanji, poti kanalibe popotokola pokokera. Mtsikanayo anati sikakoka, ukafuna munthu pafupi umasendera wekha, ukafuna patali umabwerera, koma diso lake limatseguka kwambiri moti ngakhale m'chipinda cha mdima kamamwa kuwala kokwanira. Bambo anang'ung'udza kuti ndi kameneka alonda a kumpira adzawathamangitsa ndi galu. Mayi anati kumpirako akajambule ndani, ali ndi m'bale wosewera?

Bambo anaika diso, n'kudina. Kenako anayang'ana kumbuyo kwa kamera. Maso a mayi anali akuthwa, oyera, koma mashelefu onse a kumbuyo anasungunuka n'kukhala mitundu yofewa, moti munthu anachita kutumphuka yekha. Ulendo uno anayamba ndi nkhope, kolala anayiona pambuyo. Mayi anatenga kamera, n'kuyang'ana, n'kukhudza mphuno yawo yeniyeni ndi chala, n'kuuza mtsikanayo kuti akulunge kameneko. Lenzi yaitali bambo anayibweza okha, koma anayisisita kaye kamodzi asanatseke katoni, ngati munthu wotsanzikana ndi ng'ombe imene sakanatha kuyidyetsa.

Chithunzi chenicheni anajambula mawa lake, m'situdiyo mwawo momwe. Malo oima anapezeka kuti ndi pakhomo penipeni, chidendene chili panja, zala zili mkati. Mathithi osuluka aja anafewa n'kuoneka ngati atsopano. Chimodzi chinapita kwa namwino, ndipo tinamva kuti analira pafoni, kenako n'kuyamba kudandaula kuti amayi ake akuoneka aang'ono kuposa iye.

Ntchito ikubwerera pang'onopang'ono. Atsikana awiri atatu ayambanso kubwera, ndipo amatuluka akuyang'anitsitsa zithunzi zawo osakwinya nkhope. Lenzi yokuza zipinda ija sanayitaye, imatuluka pakabwera kwaya kapena timu ya mpira wamanja. Ometa nawo anabwera kudzajambulitsa cha pachiphaso, ndipo atachiona anati kalenzi katsopanoka nakonso kamatupitsa mphuno. Mayi anawadulira bwinobwino, n'kuwauza mwaulemu kuti ayi, imeneyo ndi yochokera kwa makolo.

Za yaitali ija bambo sanayiwale. Akamva kuti kuli mpira amapumira m'mwamba, ndipo atelala amati tsiku lina adzayigulabe. Kukuwa kuja anachepetsa, ngakhale dzina silinachoke.

Chithunzi chachiwiri chili pawindo, pamalo pomwe panali chakale chija. Anachikhomera ndi mayi eni ake, bambo atangowagwirira misomali. Mukadutsa masana mudzawapeza atakhala pansi pake ndi sizasi yawo, ndipo mukaima kuti muyang'ane, sakweza mutu, koma sizasi imayamba yaima kaye mpaka mutanena kanthu.